Dandaulo Langa, Ndege ya Ketty

George, Lusaka
14 Ogasiti 1996

Akulu anga Ba Norah,

Muli bwanji ku Katete? Ife kuno tilipo, kungoti ufa ukukwera mtengo sabata iliyonse, ndipo amuna anga Ba Jameson sanapezebe ntchito chitsekereni fakitale.

Mukukumbukira nyumba zathu khumi ndi ziwiri zimene kampani ija inagwetsa? Makhoti onse a kuno atatikana, tinatumiza dandaulo ku bungwe loona za ufulu wa anthu mu Africa. Ndinalemba ndine, ndi dzanja langali. Analibweza. Akuti malamulo awo salola mawu achipongwe, poti akuluakulu a kampaniyo ndinawatchula kuti afisi. Nanga munthu wokugwetsera nyumba ungamutche bwana?

Ndiye Ketty, uja wogulitsa madzi pakiyosiki, analilembanso mwaulemu. Mfundo zake ndi zanga zomwe zija, anangochotsamo afisi. Alilandira. Tsopano komboni yonse ya George ndi "Ba Ketty, Ba Ketty," ngati ndiye anagona panja ndi ana mvula ikugwa. Yake nyumba sanaikhudze n'komwe.

Maloya akuti anthu awiri akwere ndege mwezi wamawa kukapereka umboni. Komiti yoyendetsa mlandu wathuwu yasankha Ketty ndi mlembi wa komitiyo. Mlembiyo mukumudziwa, ndi mlamu wanu, Ba Jameson. Masiku ano sachoka kwa Ketty, akuti akukonza mapepala, atavala shati yoyera ija imene ankaikana ngakhale popita kutchalitchi. Ine ndimangoisita.

Mupereke moni kwa ana. Mukapeza mpata bwerani, akulu anga. Ndili ndi dandaulo lina limene sindikudziwa kokalitula.

Ndine mng'ono wanu,
Emelda