Mfuti Imene Ababa Anasankha

Tynset
18 Ogasiti

Okondedwa achimwene Sindre,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Perth kuja pamodzi ndi alamu anga a Kirsti ndi ana. Ine ndilipo, ngakhale milungu isanu ndi umodzi yapitayi yandimeretsa imvi. Ndasankha kulemba kalata yapamanja chifukwa pafoni simundipatsa mpata. Ndikangoti "ababa," inu mwayamba kale kunditchulira mayina a mfuti. Kalata simungaidule mawu, ndiye khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto.

Choyamba, chonde lekani kuwatumizira ababa zithunzi za mfuti. Mwatumiza khumi ndi zinayi. Ndikudziwa chifukwa amene amawawerengera timawu tapansi pa chithunzi chilichonse ndine, iwo ali pampando wawo uja, akugwedeza mutu ngati ali mu tchalitchi. Iyi ndi yopepuka, iyi siichita dzimbiri, iyi mpope wake ndi wa chakutichakuti. Zandifika pakhosi, achimwene. Inu mumatumiza n'kupita kunyanja kukasambira, otsala ndi nkhaniyo ndine.

Munamva kuti ababa analephera mayeso owombera mu Juni. Zimene simunamve n'zakuti analephera katatu. Mukudziwa lamulo lake silinasinthe: zipolopolo zisanu, zonse zilowe m'kati mwa mzere wozungulira, apo ayi chaka chimenecho eligi, nyama yathu yaikulu ya nyanga ija, suiwombera. Ulendo woyamba zinalowa ziwiri. Wachiwiri chimodzi. Wachitatu pepala lawo linangokhala loyera mbee, koma la a Oddleiv, mtsogoleri wa gulu lathu la uzimba, amene ankawombera pambali pawo, linapezeka ndi mabowo asanu ndi limodzi.

"Zikomo kwambiri a Halvard," anatero a Oddleiv, "koma zanga zinali zitakwana kale."

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Ababa sanaseke. Anaiyang'ana mfuti yawo yakale ija, naisisita, nati, "Yatopa iyi. Mpope wake wadyeka." Mawu amenewo anafika mpaka ku Perth, inu n'kuwakhulupirira tsiku lomwelo.

Kuyambira pamenepo mudzi wonse unasanduka akatswiri. A Oddleiv akuti eligi imafuna chipolopolo cholemera, chogwetsa pomwepo. Ena akuti ayi, chowonda chija cha makolo athu ndiye sichinama. Mpaka mayi wogulitsa mafuta a galimoto anandiimitsa kuti andiuze maganizo ake pa nkhani ya galasi loonera patali. Palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa funso limene ine linali kundidya mumtima.

Ndipo poti tikunena za mfuti yoyenera munthu, ndikukumbutseni kanthu. Ine ndikugwiritsabe ntchito mfuti yanu ija munandisiyira popita kunja. Zaka makumi awiri tsopano. Ndi ya munthu wamanja, ine ndine wamanzere chibadwire. Ndikawombera kamodzi ndimachita kuwolotsa dzanja pamwamba pa galasi kuti ndifikire chokokera chija cholowetsera chipolopolo china, ngati munthu wofuna kudzikanda kumsana. Sindinadandaulepo, ndipo inu simunanditumizirepo chithunzi n'chimodzi chomwe. Sindikukwiya ayi, ndikungonena.

Tsono maulendo anayamba. Loweruka lililonse ababa avala jekete lawo labwino, aima pakhomo, makiyi a galimoto yanga ali m'manja. Tinapita ku Røros. Tinapita ku Elverum kawiri, njira yonse ija, tikudya buledi wa tchizi chofiirira m'galimoto chifukwa iwo sakhulupirira chakudya cha m'malesitilanti. Ndipo m'sitolo iliyonse zinali zofanana. Wogulitsa akawapatsa mfuti, iwo amangoinyamula pang'ono n'kundipatsira.

"Taigwira iwe Gunnvor. Phewa langa likuwawa lero."

"Ababa, mfuti ndi yanu, phewa ndi langa. Zikugwirizana pati?"

"Usandiphunzitse, mwanawe. Ikweze. Diso lagwera pa galasi pomwepo kapena wachita kusakasaka?"

"Ndachita kusakasaka."

"Yaitali imeneyo. Bwezerani, bambo."

Ina akuti ikulemera kutsogolo. Ina akuti ikuwala kwambiri, eligi idzationa tili ku Tynset. Ina anaikana chifukwa wogulitsayo ankatafuna chingamu. Ndinagwira mfuti zoposa makumi atatu, achimwene, mpaka phewa langa ndi limene linayamba kuwawa zenizeni. Ogulitsa ankandiyang'ana ndi chisoni.

Tsopano ndikuuzeni zimene ndakhala ndikubisa, ndipo musandiimbire foni musanamalize kuwerenga.

Mukukumbukira eligi yamphongo ija ababa anapha chaka chatha ku dambo la kumtunda, imene nyanga zake zili pamwamba pa khomo la garaja? Munaimba foni kuwayamikira, mukuti mkulu sakalamba. Sanaiphe ndi ababa. Ndinaipha ndine.

Tinali pamalo amodzi chifukwa cha bondo lawo lija. Galu wa a Oddleiv, Tass, anaitulutsa m'nkhalango, akuuwa kumbuyo kwake. Ababa anakweza mfuti, koma ine ndinaona kuti mpope wawo ukuloza kumbuyo kwambiri. Ndinakweza yanga. Tinawombera nthawi imodzi, ndipo poti yanga ili ndi chochepetsera phokoso pomwe yawo imalira ngati bingu, ndinadziwa kuti sanamve. Eligi inagwa. Koma ine ndinaona khungwa la mtengo wa paini likuthetheka, pamwamba penipeni pa msana wa Tass. Kumbuyo kwa galuyo, mkati mwa mitengo, kunkabwera a Oddleiv.

Posenda tinapeza bala limodzi. A Oddleiv anafunsa kuti la ndani. Ndinayang'ana ababa, nkhope yawo ili mwee ngati mwana, ndipo ndinati, "Ine ndaphonya." Anandiseka tsiku lonse, ndinapirira. Ndinkadziuza kuti ndachita zachifundo. Koma chaka chonsechi ndikaona a Oddleiv akudutsa pa thirakitala yawo, ndimayang'ana kumbali.

Ndiye mumvetse kuti maulendo a m'masitolo aja sanali ongotopetsa chabe. Ndinkadziwa kuti vuto si mpope. Ndinkaopa kuti mfuti yatsopano ndi galasi lamphamvu zingawathandize kukhoza mayeso mwamwayi, chifukwa pepala silithamanga, kenako n'kulowa nayo m'nkhalango muli anthu ndi agalu. Tsiku lina tikuchokera ku Elverum ndinalimba mtima.

"Ababa, bwanji tikaonane ndi dokotala wa maso?"

"Maso a ndani?"

"Anu."

"Yang'ana msewu, iwe. Wa maso akufunika ndiwe, waphonya eligi yaikulu ngati nyumba chaka chathachi."

Ndinatsala pang'ono kuimitsa galimoto n'kuwasiya pamsewu pomwepo ndi buledi wawoyo. Pofika kunyumba ndinali nditatsimikiza: tsiku limene adzagule mfuti, ndidzapita kwa a Oddleiv kukaulula zonse. Ndinkadziwa tanthauzo lake. Munthu amene wayenda m'nkhalango imeneyi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi, amene anaphunzitsa theka la gululi kusenda nyama, adzachotsedwa chifukwa cha pakamwa pa mwana wake. Ndinkadziwanso kuti mwina sadzandilankhulanso.

Lachitatu lapitali ababa anandiimbira ndili kuntchito. "Bwera kwa Ragnvald. Ndaipeza."

Kwa a Ragnvald, achimwene! Kasitolo kaja ka pakona, koyenda mphindi zisanu kuchokera kunyumba, pambuyo pondizunguza dziko lonse! Ndinafika mtima uli m'mwamba. Ndinawapeza awiriwo akumwa khofi, bokosi lalitali lili pa tebulo. A Ragnvald anati anachita kuitanitsa kutali, yafika m'mawa womwewo.

"Taigwira," anatero ababa.

Ndinaikweza. Sindikunamizani, inakhala paphewa ngati inabadwira pomwepo. Diso linagwera pa galasi osasakasaka. Ndinawolotsa dzanja pamwamba mwachizolowezi kuti ndigwire chokokera, ndipo ndinagwira mphepo. Chokokera chinali mbali inayo.

Apa ndiye ndinaphulika, pamaso pa a Ragnvald pomwepo.

"Mwaona tsopano? Mwaona, ababa? Milungu isanu ndi umodzi, mfuti makumi atatu, mapeto ake mwaitanitsa ya munthu wamanzere! Simunaone n'komwe! Inu simukuona, ababa, simukuona! Ndipo eligi ija..."

"Ndikudziwa," anatero.

Anapisa m'thumba la jekete, natulutsa kachidutswa ka mtengo wa paini, nakaika pa tebulo. Pakati pake panali chipolopolo chophwanyika.

"Ndinabwererako ndi sowo chisanu chitatha," anatero. "Tsiku lija ndinkadziwa pamene ndinaloza. Nditaona bala linali pena. Ndinayenda masiku awiri ndikupapasa mitengo ndi manja. Ndinaima pa malo athu aja, ndinayeza, ndinaona amene akanagwa." Kenako anawonjezera kuti, "Mu Epulo ndinakwera basi kupita kwa dokotala wakoyo."

"Mu Epulo? Nanga mayeso aja katatu konse munkavutikiranji?"

"Dokotalayo ndi kamtsikana, kangakhale kamdzukulu wanga. Ndimafuna ndimve kwa pepala."

"Nanga osandiuza bwanji? Ine ndakhala ndikuwonda ndi nkhani imeneyi!"

"Iwe unandiuza?"

A Ragnvald anayamba kupukuta tebulo loyera kale.

"Ndikanati tiye tikakugulire mfuti, ukanati ya Sindre ikadali bwino," anapitiriza ababa. "Ndiwe wouma mutu ngati malemu amayi ako. Ndiye ndimafuna ndidziwe kutalika kwake, kulemera kwake, zonse. Zaka makumi awiri ndakhala ndikukuonera ukuwolotsa dzanja ngati nkhanu, ine osachitapo kanthu. Ndimati ndikonze pamene ndikuonabe kuti chokokera chili mbali iti."

A Ragnvald anabweretsa chikalata chopempha chilolezo ku polisi. Ababa anachikankhira kwa ine pamodzi ndi cholembera.

"Lemba dzina lako. Ine mizere yake sindikuiona."

Ndinalira, achimwene, munthu wa zaka makumi anayi ndi zitatu, pakati pa nsapato za mphira ndi zakudya za agalu. Ndipo ndikulira choncho ndinali nditapsabe mtima, mpaka pano sunaphwe. Munthu wanji wondiyendetsa mpaka ku Elverum kawiri m'malo motsegula pakamwa? Nditawafunsa zimenezo pobwerera anati, "Ulendo unali wabwino. Linali liti tsiku lomaliza kukhala nane m'galimoto maola anayi?" Mwaona mmene alili bambo anuwa? Munthu sungakangane nawo n'kupambana.

Tsiku lotsatira anapita okha kwa a Oddleiv, kachidutswa ka mtengo kaja kali m'thumba. Sindikudziwa zimene anakambirana. Ndangomva kuti chaka chino ababa ndi amene adzasonkhe moto ndi kuyang'anira ketulo, ndipo ayamba kale kudandaula kuti khofi amene gulu limagula ndi wa anthu odwala. Mfuti yawo yakale ija akuti idzapachikidwa pakhoma ikachotsedwa mphamvu yowombera. Nyanga za pagaraja anandiuza kuti ndikazitenge. Ndakana, ndipo tikukanganabe.

Ine ndikudikira chilolezo, kenako ndikayese mayeso ndi mfuti yatsopanoyo uzimba usanayambe pa 25 Seputembala. Yanu ija ndaipukuta bwinobwino, ili m'kabati. Ndi yabwino ndithu, kwa munthu wamanja.

Ababa anandiletsa kukuuzani za maso. Ndawamvera masiku anayi, akwana. Dokotala akuti diso lamanja pakati pake pafa kale, lamanzere likutsatira, ndipo palibe amene angalonjeze kuti litenga nthawi yaitali bwanji. Zam'mbali amaziona. Chimene chikuyamba kusowa ndi chimene akuchiyang'ana, makamaka nkhope za anthu.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Kirsti. Muwapsompsone Eirik ndi Tuva, muwauze kuti azakhali awo akadali ndi masokosi aja ndinayamba kuwalukira chaka chatha, ngakhale mapazi awo ayenera kuti anawapitirira kale. A Oddleiv akupereka moni, akuti malo anu a pamwala paja palibe amene anawatenga. Tass ali bwino, wanenepa, sakudziwa chilichonse.

Ababa nawonso akupereka moni. Akuti ndikuuzeni kuti ali bwinobwino, mfuti yapezeka, musavutike ndi ulendo wautali chonchi chifukwa cha nkhalamba yophika khofi. Ndalemba monga ananenera. Koma dzulo masana ndinawapeza ataima pa chithunzi chanu chaukwati chija cha pabalaza, mutu ataupendeketsa, akuyesa kukuonani ndi m'mbali mwa diso. Atandimva anati akufufuza fumbi.

Musatumizenso chithunzi china, achimwene, kaya cha mfuti kaya chanu. Bwerani ndi nkhope yanuyo mu Seputembala, ndipo mubwere ndi ana.

Ndine mlongo wanu wamanzere,

Gunnvor