Mpando Umene Ndinauona Pamsika

Okondedwa azakhali,

Ndikhulupirira kuti miyendo ija yasiya kukuvutani kumeneko. Kuno tilipo, kungoti ana akutsokomola ndi fumbili.

Munafunsa za msika wathu. Simungauzindikire. Anamanga mashedi, ndipo palibe chosowa: a tomato ali ndi mzere wawo, a nsapato wawonso, okonza mafoni adzaza mpaka kugeti. Koma zambiri n'zongokongola m'maso. Ndowa imene ndinagula mwezi watha yang'ambika kale.

Katundu wolimba ali kumapeto, kwa bambo wina wogulitsa zinthu zakale za m'nyumba. Nditaima pamenepo ndinaona mpando wakhushoni wokhala ndi chipsera cha simbi pamkono wakumanzere, ngati chija munkabisa ndi kansalu alendo akabwera. Pambali pake panali wotchi yapakhoma ndi makina osokera. Ndinawafunsa bambowo kumene amazitenga. Iwo anaseka n'kunena kuti, "Mayi, pali mnyamata wina amabweretsa, ndipo savuta pamtengo. Wati sabata yamawa abwera ndi bedi."

Sindikunena kanthu, azakhali, mipando imafanana. Kungoti nditapita kwanu madzulo ake, mwana wanu anandilandirira pakhonde, chitseko atachikoka kumbuyo kwake. Waonda, ndipo nthawi yonse ankangoyang'ana pansi. Anati ndikupatseni moni, zonse zili bwino.

Paja munati mubwera mvula ikatha. Ngati n'kotheka, musadikire mvulayo. Ndipo pobwera mutengeko chogonera.

Ndine mwana wa achimwene anu.