Agalu a pa Nsaru ndi Makina Anu

Achimwene a Davie,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Joni pamodzi ndi alamu. Kuno tadzuka, koma ine tulo sindikutiona, ndipo chondisowetsa tulo ndi makina otsukira munanditumizira aja.

Ntchito amagwira, sindikana. Ndikaviika kabuleta ya njinga yamoto m'madzi a sopo n'kuyatsa, dothi limatuluka m'timabowo ngati utsi, popanda kukhudza. Munandiuza kuti kufakitale kwanu mumatsukira zitsulo za injini m'makina aakulu otere, kuti m'makinamo mumakhala kulira kosamveka ndi khutu la munthu, kumene kumapanga timathovu tophulika pachitsulo. Koma simunandiuze kuti agalu amakumva.

Ndikangoyatsa, agalu a kubutchala amayamba kulira moyang'ana kumwamba, masana dzuwa likuswa mtengo. Mukudziwa tanthauzo lake kwathu kuno. Anthu ankangong'ung'udza, mpaka mayi a Lydia, akazi a a Bizwell, mkulu wa mpingo uja, anagwa kudimba osadzukanso.

Anandiitana pabwalo la akulu a mpingo. Ndinafotokoza zonse monga tinaphunzirira kusekondale. A Bizwell anafunsa ngati ineyo kulira kwa makinako ndinakumvapo. Ndinati ayi. Anafunsa kuti nanga chinthu chotsuka chopanda manja, choyankhula ndi agalu anthu osamva, kwathu timachitcha chiyani. Pamenepo ndinapusa. Ndinawatengera kushopu kwanga kuti akaone okha. Nditayatsa, galu anakhala pakhomo penipeni n'kulira, abusa ali pomwepo.

Agamula kuti ndiswe makinawo ndi nyundo pamaso pa mpingo, apo ayi andidula mumpingo. Koma achimwene, ndikaswa ndiye kuti ndavomera kuti ndinapha munthu. Ndikakana, pa Mgonero sindikhalanso. Amayi asiya kupita ku Chigwirizano, akuti anzawo amasendera kutali pabenchi. Inu muli phee, foni simuyankha, mukudya bwino, chikhalirecho munanena kuti makinawa adzatikweza.

Ndiulule kwa inu zimene sindinauze munthu. Chichitikireni maliro aja, inenso makinawa ndimawaopa. Ndinawaika manja n'kuwapempherera, ine amene ndinakhoza sayansi. Mulungu andikhululukire, sindikudziwa ngati ndinachimwa pokayika kapena popemphera.

Pemphani abwana anu alembe m'mawu omveka kuti makinawa ndi a ntchito chabe, ndipo mutumize chithunzi muli pambali pa makina anu aakuluwo. Mwina abusa angamve. Mundiuzenso zoona, inuyo panokha, ngati kumeneko agalu amaliranso, ndiponso ngati pamafa anthu.

Ambuye akusungeni. Mupereke moni kwa alamu ndi kwa Nancy, mumuuze kuti agogo ake amamutchula m'pemphero.

Yankhani lisanafike Lamulungu likudzali, chifukwa tsikulo adzandiimiritsa kutsogolo, ndipo nyundo a Bizwell abwereka kale.

Ine mng'ono wanu,
Hopeson