Mwana Wanga Akuthamangabe M'makina Akale a Gemu

Aphungu,

Ine pensulo sindinaigwirepo. Wondilembera ndi mnzanga amene timagulitsa naye mafuta odzola a shea pamsika wa Aboabo kuno ku Tamale. Ndamuuza kuti alembe pang'onopang'ono, monga ndikunenera, asakometse.

Ndinabereka ana aamuna awiri. Wamkulu, Neindow, anatisiya pangozi ya njinga yamoto pamsewu wa ku Savelugu. Wamng'ono ndi Wumbei, amasoka malaya a makolo otchedwa fugu, ndiye amene ndikukhala naye.

Neindow anasiya makina a gemu, aja amalumikiza ku TV n'kumasewera mpira ndi zala. Ali moyo makinawo ndinkadana nawo. Ndinkati, "Munthu wandevu, mpira wa zala? Nanga thukuta lituluka pati?" Iye n'kuseka, "Amayi, kuno sathyola mwendo. Mundithokoze."

Maliro atatha, Lachisanu lina titachoka kumzikiti, Wumbei anayatsa makina aja n'kundiitana. "Amayi, tabwerani muone." Ndinaona kamunthu kakuthamanga pabwalo, mutu wautali ngati wa malemu bambo awo, kandevu kosongoka, dzina pamsana. Dzinalo sindingawerenge, koma kandevuko ndinakadziwa. Kani Neindow anadziumba yekha m'menemo, n'kudzipatsanso mapewa amene Mulungu sanam'patse. Ndinakhala pansi pomwepo. Ndinaseka, kenako ndinalira, kenako ndinati, "Tam'thamangitsenso."

Kuyambira pamenepo Lachisanu lililonse timatero. Ndimaphika tuo zaafi, nsima yathu ya kuno, tikadya Wumbei amayatsa. Neindow akagoletsa ndimaimirira, mawondo anga omwewa, n'kukuwa, "Neindow mwana wanga! Wawaonetsa!" Makinawo ndimawasamala ngati khanda. Ndimawafunditsa nsalu yanga ya paukwati kuti fumbi la mphepo youma ya hamatani lisalowe, ngakhale akuyaka sindiwavundukula.

Tsopano Wumbei akufuna makina atsopano, amphamvu. Kusitolo akuti apereke akalewa, awonjezerepo pang'ono. Ndinam'funsa, "Awawa alakwa chiyani?"

Anati, "Amayi, tamvani mmene akupumira, ngati bulu wokoka ngolo. Ukayatsa, madzi a tiyi amawira gemu isanayambe. Anzanga onse anasamuka, magemu amene akusewera panopa muno salowa. Akamakangana za mpira wa dzulo, ine ndimangoti kukamwa yasa. Akunditchula Alhaji ngati nkhalamba, ati ndikusewera mpira wa nthawi ya atsamunda."

Ndinati, "Ndiye chifukwa cha kukunena kwa anzako, ugulitse mkulu wako?"

Mawu amenewa anatuluka okha, sindinawatume. Wumbei anaika pansi kogwirira kaja amati padi, n'kunena chapansipansi, "Amayi, zigoli zonse zija amagoletsa ndine." Basi anatuluka. Lachisanu lapitali sanayatse, inenso sindinapemphe. Tinadya ngati alendo okumana pasiteji.

Aphungu, kusitolo akuti amafufuta zonse za m'kati asanagulitse kwa wina. Mwanayu ndinamuika kale m'manda kamodzi, kachiwiri sindingathe. Koma wotsalayunso nkhope yake sikundisangalatsa. Kodi ndalakwa kukana?

S. N., Tamale

Mayi S. N.,

Pepani ndi zokuonekerani. Kukana simunalakwe, koma mwayang'ana pa TV nthawi yaitali. Tatembenukani muone amene wakhala pambali panu.

Tiyambe ndi makina. Wumbei sakunama, ndipo si dyera. Magemu atsopano ndi katundu wolemera. Makina akale amalephera kusenza, chithunzi chimadukaduka, magemu ena salowa n'komwe. Koma chachikulu si chithunzi ayi. Achinyamata bwalo lawo ndi limenelo, ndi kumene amanyozana, kubwezerana ndi kufunsana za moyo. Anzake akasamuka iye n'kutsala, zili ngati msika wasamukira kwina, inu mwatsala nokha ndi beseni lanu la mafuta pamalo akale. Mungapirire mpaka liti?

Lero lomwe, chotsani nsalu ija makina akamayaka. Amafuna mpweya. Mukuwaphika, mayi, ndipo kupuma kwa bulu kuja mwina ndi nsalu yanu. Muziwafunditsa akazima n'kuzizira.

Kenako pemphani Wumbei ajambule Neindow akuthamanga ndi kugoletsa, asunge pafoni yanu ndi ya wachibale wina. Makina alionse amafa, ogulitsidwa ndi osagulitsidwa omwe, ndipo satsanzika.

Mukatero pitani naye limodzi kusitolo, mukafunse ngati gemu yakaleyo ndi zosungidwa zake zingasamukire m'makina atsopano. Ena amalola, ena ayi. Musamve za pakamwa, wamalonda sati ayi. Auzeni akuonetseni kandevu kaja pa TV yawo musanasiye kanthu. Zikakanika, akalewo asapite. Wumbei adikireko, inu muponyepo ya susu, chipereganyu chanu cha pamsika, agule popanda kusinthanitsa. Wofuna kusunga ndinu, ndiye mtolowo musamusenzetse yekha.

Koma zonsezi zisanachitike, mupepeseni. Inde, mayi amapepesa mwana, mano sachoka. Mawu aja a kugulitsa mkulu wake anali mpeni. Taganizani, mnyamata ameneyu nayenso anataya mbale wake, komabe Lachisanu lililonse amakhala pansi n'kumudzutsa ndi zala zake kuti inu museke. Ndipo anakuitanani yekha kuti mudzaone. Munthu wofuna kuiwala satero. Mwakhala mukuombera m'manja womwalira, wamoyo zala zikumuwawa. Musadikire kuti ayambe ndiye. M'londoleni kumene akusokera, mukhale pabenchi, munene mawu anu mashini osokera ali chete.

Chenjezo langa ndi ili. Makina atsopano akadzafika, mtima udzakunong'onezani kuti, "Muuze aumbemonso Neindow." Mudzagwire pakamwa. Akafuna adzaumba yekha, tsiku lake. Inu mudzamuuze aumbe Wumbei, ndi mphuno yake yomweyo, asakometse. Akadzagoletsa, mudzaimirire, muitane dzina lake mpaka aneba adandaule.

Aphungu