Msomali umodzi pakhoma la kampani

Lachinayi, Rotherham. Tsiku lolemera, mvula yosakata.

Pepala la kampani lomwe anamata pachitseko cha khitchini likunena motsindika kuti nyumba ino ndi kwathu, tizikhala momasuka.

Dzulo, m'shopu ya katundu wakale, ndinapeza chithunzi chachisanu ndi chitatu pa zithunzi za masitima zomwe ndimasonkhanitsa: sitima ya malasha ikudutsa chigwa cha ku Amerika. Ndi kope chabe la chojambula chamakedzana, pepala lake linachita kale chikasu, koma ndinachikonda. Ndinakhoma msomali umodzi, monga timachitira kumudzi, n'kuchipachika.

A Mulenga, anzanga a chipinda chinacho, anaseka. "Amayi Banda, mumangogula masitima, koma ulendo wanu ndi wa basi ya kuntchito basi!"

Lero abwana anabwera kudzayendera nyumba. Anauyang'ana msomaliwo kwa nthawi, kenaka anandikumbutsa mwaulemu kuti amene anandipatsa chipindachi ndi omwewo anasainira viza yanga. Ndinapepesa katatu. Ndikanayankha, ndikanalowera kuti? Ntchito, nyumba ndi viza zili m'dzanja limodzi.

Msomali ndauzula, ndipo bowolo ndalimata ndi mankhwala otsukira mano. Zithunzi zonse zili m'katoni, kunsi kwa bedi.