Mango a m'zitini

Okondedwa amalume,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Zóbuè pamodzi ndi onse a pakhomo. Kuno ku Moatize tilipo, kungoti mwana wanga Rosita akutsokomolabe ndi fumbi la malasha.

Lachiwiri anthu a mgodi anabweranso kudzaona nambala ija analemba pakhoma pathu zaka zitatu zapitazo. Ndinawafunsa kuti, "Kodi mutisamutsa liti?" Wamkulu wawo anayankha maso ali papepala: "Posachedwa, mayi. Musamange, musabzale mitengo. Chatsopano sitidzachiwerengera."

Atachoka ndinapita kuseri kwa nyumba, kumene kuli mbande za mango zija ndinafesa m'zitini kuchokera ku mtengo wa malemu amayi, zoti ndikabzale kumalo atsopano. Nditati ndinyamule chitini chimodzi, chinakana. Mizu inaboola kale pansi n'kulowa m'nthaka. Ndinakhala pansi pomwepo.

Ndiye chaka chikubwerachi ndatsimikiza mtima, sindidikiranso. Bambo a Rosita akuti tikachoka tokha dzina lathu lifufutidwa, nyumba yatsopano itidutsa. Mwina akunena zoona, ndipo kuyambira tsikulo sitikulankhulana bwino. Iwo atsale azilondera nambalayo, ine ndikufuna kulima.

Chonde amalume, munda wa amayi wakumtunda uja musaubwereketse kwa wina. Mundiyankhe msanga. Chimanga ndachedwa nacho, koma nyemba ndi mbatata zitheka. Ndibwera mu Janeiro, chaka chikangoyamba, ndi Rosita, ndipo mangowo ndibwera nawo ngakhale ndichite kudula mizu.

Mulungu akusungeni, mutikumbukirenso m'mapemphero.

Ine mwana wa mlongo wanu,
Filomena