Sopo m'chikho cha a Don Atilio

Lachiwiri, 7 Januwale

Mapazi atupa ngati mabanzi. Maukwati kuno ku Punta del Este satha, anthu akuchita ngati chilimwe chikangotha kukwatirana kuletsedwa. Ife ophikira maphwando ndi kumangonyamula mapoto, lero nyumba iyi, mawa munda uwo. Ine gawo langa ndi mbale, mpaka zala kuchita makwinya.

Amayi afunsa pafoni ngati nyanja ya ku Uruguay ikuposa yathu ya ku Peru. Ndati ndikaiona ndiwauza. Zenera la kotsukira mbale limayang'ana kumabini.

Munthu mmodzi yekha ndi amene amakumbuka kuti kuseri kwa mulu wa mapoto kuli munthu: a Don Atilio, madala ootcha nyama. Si olankhulalankhula. Amangofika, kuika kabanzi kokhala ndi nyama pambali pa sinki, n'kunena kuti, "Idya, Marleni. Mphepo ya kuno imanyamula oonda." Basi, apita.

Lachinayi, 9 Januwale

M'mawa uliwonse tisanayambe ntchito anthu amakhala pamakreti kuseri kwa khitchini, kumwa yeriba, tiyi wa kuno wa masamba owawa. A Don Atilio (ndizingolemba a D.A.) ndi amene amathira madzi otentha a m'fulasiki, chikho chawo n'kumazungulira. Chikho chimodzi, kapaipi kachitsulo kamodzi, milomo ya khitchini yonse. Tsiku loyamba atandipatsa ndinakana, ndipo ndikukhulupirira kuti nkhope yanga inanena zambiri kuposa pakamwa. Kuyambira pamenepo chikho chimandidumpha. Palibe amene wandinyoza, chimangodumpha basi.

Zulma wokonza masaladi akuti, "Musaivutitse mfumukazi ya ku Peru, milomo yake ndi yopita nayo kutchalitchi." Ndaseka nawo, koma zandiwawa. Nanga nditani? Ndinaleredwa ndi mayi amene amayamba watsuka sopo asanasambe naye.

Loweruka, 11 Januwale

Mkwatibwi walira chifukwa maluwa anabwera ofiirira m'malo mwa oyera. Ine sindinalire, ngakhale zifukwa ndili nazo zambiri kuposa iye.

Lamulungu, 12 Januwale

A D.A. apsa dzanja ndi makala. Dalaivala anathamanga nawo kuchipatala, akuti si zoopsa. M'chipwirikiticho chikho chawo chinatsala pasinki panga. Ndinasuzumira m'kati. Mayo ine! Kwakuda bii, m'mbali mobiriwira, ngati m'poto woiwalika. Munthu wabwino chonchi kumamwera m'zoterezi, popanda womutsukira?

Ndinati nayi njira yowathokozera mabanzi aja. Ndachiviika m'madzi a sopo masana onse, ndachikwecha ndi waya wa mapoto mpaka m'kati mwayera mbee. Amayi akanachiona akanandinyadira. Ndachikulunga m'kansalu koyera. Mawa adzadabwa.

Lolemba, 13 Januwale

Adabwadi.

Ndinawapatsa pamaso pa onse, ndikumwetulira ngati mwana wakhoza mayeso. Anamasula kansalu ndi dzanja lawo labwino, anayang'ana m'kati, ananunkhiza.

"Watsuka ndi chiyani?"

"Sopo, bambo. Ndi waya."

Anakhala kanthawi akuchitembenuza. Kenako, "Wagwira ntchito, mwanawe." Anachiika pashelefu pamwamba pa matumba a makala n'kupita kukakoleza moto.

Zulma anandikokera m'chipinda chozizira. "Iwe, mutu wako ukuyenda? Chikho sachitsuka ndi sopo! Chimamwa sopoyo ngati siponji. Kuda kuja si litsiro, ndi zaka." Ndinati ndigula china, chokongola kuposa icho. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Chikho chija chinali cha Nélida, akazi awo a D.A., amene anamwalira dzinja lathali. Nélida ankakonda kuponyamo khoko louma la lalanje, ndipo madalawo ankati m'mawa, pa kukoka koyamba, fungo lake limamvekabe.

Ndinangokhala pansi pa kreti ya letesi. Bola akanandikalipira. Bola akanandigenda nacho.

Lachiwiri, 14 Januwale

Zulma wabweretsa chikho chake. A D.A. akuti m'mimba simuli bwino, samwa. Bodza. Anthu amwa mwachangu ali chiimire, wina aliyense n'kupita kwake.

Masana kabanzi kafikabe pasinki. Popanda mawu. Ndalephera kukadya.

Lachinayi, 16 Januwale

Ndapita kukapepesa kumoto kwawo. Ndinali nditakonza mawu ambiri pabasi, onse anathawa. Iwo akuti, "Sunadziwe." N'kupitiriza kutembenuza nyama. Maso awo anali ofiira, mwina ndi utsi.

Sindinadziwe, eya. Koma amayi anga otsuka chilichonse aja, chipewa cha malemu bambo sanachichape mpaka lero. Chili pamsomali kuseri kwa chitseko, chakuda ndi thukuta m'mphepete, ndipo wochigwira aona zakuda. Ine wokulira pansi pa chipewa chimenecho, ndinalephera bwanji kuima kaye n'kufunsa? Ndikudziona wopusa, ndipo ndikuwasowa madalawo ngakhale ali pomwepa.

Ndafunsa Zulma ngati pali chochita. Akuti, "Nélida ndiye wapita, usadzinamize. Koma sopo mwina angachoke." Akuti udzaze chikho ndi yeriba yonyowa imene anthu amwa kale, uthire madzi ofunda, chigone choncho. Mawa lake ukhuthule, upale pang'onopang'ono, uyambirenso. "Ndi supuni, wamva? Ndikakuona ndi waya wako uja ndikudula zala."

Ulendo uno ndafunsa kaye eni ake. Ndati, "Bambo, ndingachitenge?" Anangokweza mapewa osacheuka.

Loweruka, 18 Januwale

Ine mfumukazi ya ku Peru, lero ndikuyenda ndi kambale kupempha zotsala za m'zikho za anthu. Madalaivala, operekera zakudya, ngakhale mlonda wa pageti pa nyumba imene tinali kuphikira. Mlondayo akuti, "Ku Peru mumadya zimenezi?" Ndati inde, timathira anyezi.

Chikho ndikuchisunga kuseri kwa sinki, pamene sipafika thovu. M'kati mwayamba kubiriwira. Sindinaganizepo kuti ndingasangalale kuona chinthu chikuda.

Lamulungu, 19 Januwale

Ndinagula lalanje. Ndinaganiza kuti ndiumitse khoko ndiponyemo, fungo lija libwerere. Ndaliyendetsa m'thumba la epuloni tsiku lonse. Koma ayi. Limenelo lingakhale lalanje langa, osati la Nélida, ndipo madalawo si mwana woti n'kumupusitsa. Ndadya ndekha pabasi. Linali lowawasa.

Lachitatu, 22 Januwale

Kupala, kudzaza, kudikira. Ndanunkhiza mpaka mphuno yasokonezeka, sindikudziwanso chimene ndikumva. Zulma wanunkhiza n'kunena kuti, "Hmm." Ndamufunsa kuti hmm wabwino kapena hmm woipa. Akuti hmm basi.

Bandeji ya a D.A. yachoka. Yeriba sanamwebe.

Lachisanu, 24 Januwale

Kwacha ndi mvula, phwando la m'munda alisunthira mawa. Mvula ikagwa anthu a kuno sangakhale osakazinga timikate tawo tafulati, ndiye Zulma anali kale pa chiwaya, khitchini yonse kununkhira mafuta. Tonse tinakhala pamakreti pansi pa denga la malata, kwa nthawi yoyamba opanda chotithamangitsa.

Ndinatulutsa chikho n'kuchiika pa bondo la a D.A. Sanayang'ane m'kati. Anangoti, "Zulma, bwera nayo fulasiki."

Anathira yeriba, anaipendeketsa mbali imodzi monga amachitira, anabaya kapaipi, anathira madzi. Choyamba amamwa wothira. Anakoka, analavulira kumvula. Anathiranso, anakoka, anameza. Aliyense maso pa timikate, ngati sakuona.

"Sopo akadalimo," anatero.

Ndinayamba kudzuka kuti ndibwerere kumbale zanga, ndikalirire kumeneko.

"Ukupita kuti? Khala pansi." Anathira madzi kachitatu n'kutambasula dzanja lawo la chipsera lija kwa ine. "Sopoyu ndi wako. Ukufuna ndimumwe ndekha?"

Zulma akuti, "Bambo, samalani, milomo imeneyo ndi ya kutchalitchi."

"Iwe kazinga zako."

Ndinalandira ndi manja awiri. Chotentha, chowawa ngati mankhwala a malungo, ndipo kumapeto kwa lilime, inde, sopo wanga uja. Misozi inatuluka, ndinanamizira kutentha. Iwo akuti, "Koka mpaka chilire, sitibweza cha theka." Ndinakoka mpaka chinalira.

"Atenga nthawi kuti athe, sopoyu," anatero akulandira chikho. "Mawa ulawirire."

Ndangokumbukira pano ndikulemba: kapaipi kaja sindinakapukute.